Kabotolo ka Apongozi Anga

Ntchito yanga ndi ya mu labu. Anthu amabweretsa magazi, mikodzo, makhololo, ine n'kufufuza chimene chikuwadya. Ndinabwera ku Mangochi kuchokera kwathu ku Ntcheu ndisanakwatire, n'kupatsidwa kachipinda ka zenera limodzi pa kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja. Ndinkati ndikhala zaka zochepa kenako ndibwerere kwathu kozizira. Koma ndinakwatira konkuno, ndinalowa Chisilamu, ndinamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi anga monga achitira mkamwini aliyense, ndipo mpaka lero ndikupukutabe thukuta la ku Mangochi.

Apongozi anga aakazi anali amasiye, koma sanali okalamba, chifukwa mkazi wanga anam'bereka ali aang'ono. Nkhope yawo sindinaidziwe bwino. Ndinkadziwa msana wawo ndi kayendedwe kawo. Kwathu nakonso apongozi timawaopa, koma mwambowo unayamba kufooka, moti ena amafika pokwera nawo njinga imodzi. Pamudzi pano ayi. Tikakumana panjira ya kudoko, iwo ankapatukira m'thengo n'kukokera mpango kumaso, ine n'kupatukira mbali inayo mpaka minga kundibaya. M'nyumba mwawo sindinkapondamo. Mlendo akanaganiza kuti tinkadana, pamene sizinali choncho. Chambo chikapezeka, mutu unkabwera kwa ine m'mbale yovundikira. Nditadwala malungo anakhala panja pa khoma langa tsiku lonse, osalowa, osachokanso. Ndinkawakonda mayi aja. Anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene ine ndemwe ndinapatsidwa ntchito yowagwira asanakule.

Chaka china kunabwera anthu ofufuza, ena a konkuno ena akunja, ndi njira yatsopano yoyezera kachilombo kamene kamayambitsa khansayi. Njira yakale amayi ankaithawa, ndipo sindinkawaimba mlandu. Munthu wamkulu agone chagada pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wake, amupake viniga, amuunike ndi tochi. Njira yatsopanoyi inali yaulemu. Mayi ankapatsidwa kamtengo ka thonje kunsonga ndi kabotolo, n'kukalowa kubafa kwake yekha, kudzitenga yekha, kutseka kabotoloko n'kukapereka kwa namwino. Pakabotolo pankalembedwa nambala, osati dzina. Zotsala zinali zanga.

Zimene ndinkachita nazo ndi izi. Anatibweretsera timadzi totchedwa polima. M'timadzimo muli tiulusi tosaoneka ndi maso, ndipo paulusi uliwonse anamangapo nyambo imene imagwira DNA ya kachilombo kokhako, osati ya munthu kapena ya kachilombo kena. Nyamboyo ikagwira, ulusi wonse umasintha kakhalidwe, ndipo ukauunika ndi getsi la buluu umawala. Ndinkakonza zochokera m'kabotolo, kuzitenthetsa, kudonthezeramo polima, n'kuziika m'kabokosi kakuda ka kachiboo koyang'anirapo. Ngati kachilombo kalimo, kabotolo kankawala mobiriwira. Ngati kalibe, munkangokhala mdima. Panalinso polima wachiwiri wogwira puloteni imene kachilomboko kamatulutsa kakayamba kuwononga thupi, ndipo ameneyo ankawala mofiirira. Wachiwiriyo akawala, ndinkadziwa kuti mayiyo asadikire sabata yamawa.

Ndinanyadira, sindibisa. Zaka zonsezo ndinali nditaweramira pa maikulosikopu kusaka tizilombo ta malungo mpaka maso kuchucha misozi, ndiye pano matenda ankadziulula okha. Ndinkadzuka m'mamawa kukaona ngati firiji yagona ikuyenda, chifukwa polima safuna kutentha, safunanso dzuwa. Ndinatchinga zenera ndi nsalu yakuda. Kunyumba nkhani yanga inali yomweyo, m'mawa ndi madzulo, mpaka mkazi wanga anatopa nane.

"Bambo, mukanangondiuza kuti mwatenga mkazi wachiwiri," anatero tsiku lina. "Kabokosi kakudako mukabweretse kazidzakuphikirani."

Tsiku lokagawa timabotolo kumudzi kumene ndinakwatira ine sindinapiteko, poti unali msonkhano wa amayi okhaokha pabwalo la madrasa. Namwino amene anapitako anali mayi wabwino, wodziwa ntchito yake, ndipo ankadziwa mantha a anthu a kuno. Pamanenedwa zambiri za anthu obwera kudzatenga zinthu za m'thupi, kuti amapita nazo kunja, kuti amakagulitsa. Pofuna kuwakhazika mtima pansi, namwinoyo ananena zoona zokhazokha. Anati timabotolo sitipita kutali, sitigwiridwa ndi mlendo, amene azitsegula ndi kuyeza ndi mkamwini wanu yemwe, wa pamudzi pompano. Amayi anaomba m'manja. Nditamva, ndinasangalala kuti dzina langa lagwira ntchito.

Apongozi anga ndiwo ankasambitsa maliro a akazi pamudzipo. Amayi onse ankayang'ana iwo. Matendawa ankawadziwa kuposa ine, chifukwa anali atasambitsa matupi amene anadyedwa nawo. Iwo ndiwo anayamba kuimirira n'kulandira kabotolo, mkazi wanga n'kutsatira, kenako ena onse.

Timabotolo ta kumudzi kwathu titafika m'bokosi la ayezi, ndinavala magolovesi n'kuyamba kutitsegula. Sindinkadziwa kuti kamkazi wanga ndi kati, ka apongozi ndi kati. Tina tinawala. Kalikonse kakawala, ndinkadzifunsa ngati si wakunyumba ameneyu. Ndinapereka zotsatira kwa namwino monga mwa lamulo, n'kudikira ngati mwamuna wina aliyense. Patapita masiku mkazi wanga anabwera kuchokera kuchipatala.

"Ine ndilibe," anatero. "Amayinso alibe."

"Alhamdulillah," ndinatero, n'kutumiza shuga ndi masamba a tiyi kwa apongozi. Mkazi wanga sanaseke tsiku limenelo, koma ndinangoti watopa ndi dzuwa.

Amene timabotolo tawo tinawala anaitanidwa. Anawayang'ana, ambiri n'kuwawotcha pamalo podwalapo, ntchito yosachedwa n'komwe, ndipo anabwerera kwawo ndi miyendo yawo. Mmodzi ndi mayi woyandikana nafe, amene anauza yekha mudzi wonse kuti kake kanawala. Ali moyo, wanenepa, amasenza beseni la usipa, ndipo amakangana ndi aliyense chifukwa cha mbuzi zake. Sanandilakwire chilichonse, koma ndikamumva akukuwa kuseri kwa mpanda ndimapsa mtima. Ofufuza aja atamaliza ntchito yawo anatithokoza, anatenga kabokosi kawo ndi polima wotsala, ine n'kubwerera ku maikulosikopu yanga.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Kenako ndinayamba kuona tinthu. Mkamwini saona nkhope, koma makutu ndi mphuno ali nazo. M'mamawa ndinasiya kumva apongozi akuthira madzi pokonzekera swala, pemphero la m'bandakucha. Lachisanu sankapitanso kumzikiti. Pakagwa maliro a mzimayi ankatumako wina. Utsi wa lubani unkatuluka m'nyumba mwawo tsiku lililonse, pamene kale ankafukiza mwa apo ndi apo. Kuseri kwa bafa kunamangidwa chingwe china choyanikapo, pamalo posaoneka, ndipo sopo kunyumba kwathu ankatha msanga. Ndinafunsa mkazi wanga, n'kundiyankha kuti ndi zachizimayi, zimachitika munthu akamasiya kusamba.

Ndinakhulupirira, chifukwa ndinali ndi chokhulupirira. Tinaphunzitsidwa kuti mayi amene alibe kachilomboko akhoza kukhala zaka zingapo mtima uli m'malo. Kabotolo kawo sikanawale, ndipo amene anayang'ana pakachiboo ndinali ine. Ndinaganiza za likodzo, poti kuno aliyense wochapa kunyanja amakhala nalo, n'kutumiza mapiritsi ake. Ndinatumizanso owonjezera magazi. Ndinati apite kuchipatala akaonedwe, yankho n'kubwera lakuti akupezako bwino, sikomo kwambiri. Msana uja ndinkauona ukuchepa m'nsalu.

Tsiku lina masana magetsi anazima kuntchito ndipo ndinaweruka msanga. Mkazi wanga, amene panthawiyo anali woyembekezera, ndinamupeza kuseri kwa bafa atakhala pansi, beseni lili pakati pa miyendo. Madzi a m'besenimo anali ofiira, ndipo fungo lake ndinalidziwa. Aliyense amene anadutsapo pa wodi ya amayi amalidziwa.

"Nsalu zimenezi n'zayani?" ndinafunsa.

Anapitiriza kuchapa.

"Si zako. Zayamba liti?"

"Kalekale."

"Sizingatheke kukhala khansa ija. Ndinayeza ndekha."

Anapukuta manja pachitenje, n'kundiyang'ana. "Munayeza ine, bambo. Kabotolo kaja sikanali kawo. Ndinalowa kubafa kawiri."

Ndinakhala pansi pamchenga wonyowa. Anandifotokozera zonse mosalira, ngati munthu amene wakhala akuzibwereza mumtima kwa nthawi yaitali. Atachoka kumsonkhano uja, mayi ake anamuitanira m'nyumba n'kutseka chitseko. Kukana kabotolo sakanatha, chifukwa mudzi wonse ukanati ngakhale apongozi ake akana, ndiye kuti pali china, ndipo ine ndikanachita manyazi. Kudzitenga okha sakanathanso. Zochokera kumalo kumene kunatulukira mkazi wanga zikatsegulidwe ndi manja a mkamwini? Anati bola afe.

"Panali manambala okha!" ndinakuwa. "Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Ndinawauza. Anati, bambowo sadziwa, koma ine ndidziwa, ndipo Mulungu adziwa. Ndidzawayang'ana bwanji?"

"Kundiyang'ana? Anayamba andiyang'anapo liti?"

"Musakuwe, amva."

"Amve! Iwe munthu wopita kusukulu, ukuchita zimenezi? Osandiuza ine? Osauza namwino kuti kawo akayeze wina ku boma?"

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe chikwatirane. Iye anangoweramira beseni lija. "Anandigwadira," anatero. "Amayi anga anagwada pansi n'kundigwira miyendo. Anandilumbiritsa. Mukanakhala inu mukanatani?"

Mkwiyo wokha ndi umene ndinali nawo, wosowa pougwetsera. Ndikwiyire namwino, amene ananena zoona pofuna kuti amayi asaope? Ndikwiyire mkazi wanga, amene ankachapa magazi a mayi ake mwakabisira mimba ili kutsogolo? Kapena mayi amene anasankha kuti dzina langa lisanyozeke? Polima sanalakwe. Anafunsidwa ngati m'kabotolomo muli kachilombo, n'kuyankha zoona kuti mulibe. Kufunsa kuti kabotoloko n'kayani si ntchito yake.

Apongozi anavomera kupita kuchipatala atamva kuti ndadziwa, poti panalibenso chobisa. Mkazi wanga anapita nawo ku boma, a ku boma n'kuwatumiza ku Blantyre. Ine ndinatsatira pa minibasi ina. Dokotala anandiitanira pambali atamva kuti ndine wa mu labu, n'kuyankhula nane ngati mnzake wa pantchito, zimene zinandipweteka kuposa akananditenga ngati mbuli. Anati chotupa chafika kale kuchikhodzodzo ndi kumbali, mpeni sungathandizenso. Anafunsa ngati kwathuko kunalibe mwayi woyezetsa. Ndinati unalipo. Sanafunsenso. Anatipatsa mofini wa m'botolo, mankhwala oletsa ululu, ndi malangizo a kamwedwe kake, tinabwerera kunyumba.

Ndinakamuuza namwino uja. Anandifunsa funso limene linandichotsera tulo. Anati, kodi apongozi anu pamudzi paja ndi amodzi okha? Si amodzi. Akulu awo ndi ang'ono awo onse ndi apongozi anga, ndi ena a mbumba yomweyo amene amandipatukira panjira. Onse analandira timabotolo tsiku lija, onse anamva kuti wotsegula ndi ine, ndipo onse ali ndi ana aakazi omvera. Nditafunsa mkazi wanga, anati za nyumba za eni sadziwa. Mwina sadziwadi. Namwino anayesa kuwaitana kuti akayezedwe ndi viniga. Anabwera ochepa. Ena anatumiza mawu oti anayezedwa kale ndi makina a mkamwini wawo, anapezeka alibe, alhamdulillah. Masiku ano ndikamva lubani pakhomo la munthu ndimafulumiza mapazi.

Miyezi yotsatira sindifuna kuilemba yonse. Mofini ankathandiza, kenako n'kuyamba kuchepa mphamvu. Khoma la nyumba yawo ndi la njerwa zosawotcha, mawu amadutsa. Ndinkamva kubuula, koma ndikangotsokomola panja kubuulako kunkasiya, ndiye ndinaphunzira kuyenda mwakachetechete pakhomo panga pomwe kuti abuule momasuka. Ine ndi mkazi wanga tinkayankhulana za mankhwala, za sopo, za nkhuni. Usiku aliyense ankayang'ana kukhoma kwake. Sindinamunenenso, koma sindinathenso kumuuza kuti si mlandu wake, ngakhale ndinkadziwa kuti mawu amenewo ndi amene ankawadikira.

Tsiku limene anamwalira, magazi anayamba kutuluka dzuwa litakwera kale, ambiri kuposa masiku onse. Mkazi wanga anathamangira kwa ine nsalu yake itanyowa mpaka m'mawondo. Ndinaimbira mwini wa kagalimoto konyamula nsomba, koma kanaima kumsewu, chifukwa njira yolowera pamudzi ndi mchenga wokhawokha. Amuna anali kudoko, ena kumsika. Panali amayi achikulire awiri amene sakanatha kunyamula munthu, ndi mkazi wanga wa mimba yotopa. Onse anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi.

Ndinavula nsapato n'kulowa. M'nyumbamo munali mdima ndi utsi. Munali kabedi, mkeka wa swala wopindidwa bwino, ndi sutikesi pamwamba pa njerwa. Anali atagona chammbali. Atamva mapazi achilendo anatembenuka, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaona nkhope yawo yonse. Anafanana ndi mkazi wanga pakamwa. Dzanja lawo linafufuza mpango pamutu n'kuukokera kumaso, pang'onopang'ono, chifukwa mphamvu zinali zitatha.

"Amayi, ndikunyamulani," ndinatero.

Ndinalowetsa mkono umodzi pansi pa mapewa, wina pansi pa mawondo. Anali opepuka ngati mtolo wa bango. Ndinatuluka nawo padzuwa n'kuyamba kuyenda mumchenga wotentha wopanda nsapato, mkazi wanga akutsatira m'mbuyo ndi botolo la mofini. Anthu amene tinakumana nawo ankapatuka n'kutembenukira kumbali. Ndinkamva kufunda kukudutsa nsalu yawo, kulowa m'malaya mwanga, kutsikira pamimba mpaka m'thalauza. Mutu wawo unali paphewa langa, ndipo ndinkamva mpweya wawo pakhosi kudzera mumpango.

Tili pakati pa njira anayankhula. Pakamwa pawo panali pafupi ndi khutu langa, koma sanayankhule ndi ine. Anaitana mwana wawo.

"Ndili pano, amayi," anatero mkazi wanga.

"Uwauze bambowa kuti pepani. Ndawadetsera malaya."

Mkazi wanga anafika pambali panga akupuma movutikira. Ndinali nditamva liwu lililonse, iyenso ankadziwa kuti ndamva.

"Akuti pepani," anatero. "Akudetserani malaya."

Galimoto inali ikuoneka kutsogolo, woyendetsa atatsegula kale kumbuyo n'kuyala katoni pamamba a nsomba. Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze mayi aja, ndipo nthawi yake inali yomweyo.

"Uwauze kuti palibe kanthu," ndinatero.